Tisanapake penti, tiyambe taona m'mlomo mwa boti

Mvula ikagwa ndipo usodzi ukatsekedwa pa chilumba cha Mbenji ku Salima, maboti ambiri amakokedwera kumtunda. Apa m'pamene timakumbukira penti. Boti liwale, dzina lake lioneke patali. Nanga thabwa lija lozungulira m'mlomo mwa boti, ndani amaliyang'ana?

Thabwa limeneli ndi lomwe limalandira nkhonya zonse. Zingwe za chilimira zimakhula pomwepo, maboti akagundana padoko kapena mwera ukawakankhira pamwala, limayamba kuphwanyika ndi ilo. Ntchito yake ndi kutha kuti boti lisathe. Koma kuseri kwake kumabisala madzi, ndipo kuola kumayambira kumeneko.

Choncho tilichotse kaye, tibayebaye ndi msomali matabwa a pansi pake. Pamene msomali ukulowa ngati m'chinangwa chophika, pamenepo paola, pafunika kusintha. Mabowo akale titseke ndi timitengo tosema, boti liume bwino, kenako tipake penti pamalopo ndi kuseri kwa thabwalo tisanalibwezere. Pokhoma tiyambire kutsogolo kwa boti, tizilipinda pang'onopang'ono uku tikulimanga ndi chingwe. Tiboole kaye tisanakhome kuti lisang'ambike, ndipo misomali isalowe m'mabowo akale. Ikhale yosachita dzimbiri, mitu yake imire m'thabwa. Mutu umodzi wotuluka ndi wokwanira kung'amba ukonde wa ndalama zambiri usiku umodzi.

Ngati thabwalo latheratu, maso athu amaloza kumtunda, ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kumene abale athu alimi amacheka matabwa. Makolo athu ankadalira mbawa ndi mlombwa, koma lero mitengoyi yasowa, ndipo nkhalango ya Ntchisi ndi yotetezedwa ndi boma. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limalanga wodula mitengo kumeneko popanda chilolezo. Tisagule thabwa lobwera mumdima. Bulugamu wokhwima wa m'munda mwa munthu amagwira ntchitoyi, bola akhale wouma. Wauwisi amafota, misomali n'kuyamba kugwedera mwezi usanathe. Tikamakagula cha ku Mvera kapena kwina kulikonse, tifunse kuti anachekedwa liti, ndipo tinyamule timve kulemera kwake.

Pali nkhani ina yomwe ife Asilamu sitingailambalale. Ena amapaka penti pamwamba pa thabwa loola kuti boti ligulike msanga. Chisilamu chimaletsa kubisa chilema cha katundu pogulitsa. Ndipo ngakhale botilo sitikugulitsa, anyamata amene amakwera usiku kupita kukapha usipa ndi ana a anthu, ndi amana m'manja mwathu. Akamakoka ukonde amatsamira pa thabwa lomweli.

Penti adikire sabata imodzi, palibe chimene chiwonongeke. Tikonze m'mlomo mwa boti kaye, ndipo Insha Allah, nyanja ikatsegulidwa tidzalowa ndi mtima uli m'malo.