Nkoloko ya atate isalowe m'madzi a Chinyunyu

Pa Chinyunyu, m'boma la Rufunsa, madzi amatuluka pansi ali otentha, ndipo a ku Lusaka amaima pa Great East Road kuti akaoneko. Kumeneko ndinapeza mnyamata akusamba m'manja, Seiko 6309 ili pamkono. Akuti inali ya atate ake, ndipo poti inalembedwa 150m, madzi sangalowe.

Mtima unandiwawa. Seiko inapangira mtunduwu osambira pansi pa nyanja kuyambira 1976 mpaka 1988, ndipo mamita 150 aja anali oona nkolokoyo ili yatsopano. Chimene chimatsekereza madzi ndi timphira tating'ono ta kuchivundikiro, kugalasi ndi pokonzera nthawi. Pakapita zaka zoposa 30 timauma n'kung'aluka, kutentha kumangoonjezera. Nthunzi ikalowa, dzimbiri limadya makina.

Okonza nkoloko m'tauni angasinthe timphirato, koma afunseni ngati ali ndi makina oyesera kuti madzi sakulowa. Ngati alibe, muziivula posamba. Ndipo akati aipukute kapena aipente iziwala, kanani. Osonkhanitsa nkoloko zakale amalipirira nkhope yake yeniyeni, zipsera ndi zonse. Yopentedwa, manje ni nkoloko chabe.