Dzina loti Kamuzu linakumbidwa m'tchire

Munthu atha kubadwira pa Kamuzu Central Hospital, n'kukula akumwa madzi a mu Kamuzu Dam, n'kuphunzira unamwino pa Kamuzu University of Health Sciences, mpaka kudzakwera ndege pa Kamuzu International Airport imvi zili mbuu, koma osakhalapo m'kalasi limodzi ndi mnyamata wotchedwa Kamuzu. Dzinali lili pa mlatho wa ku Chikwawa, pa bwalo la mpira ku Blantyre, pa nyumba ya boma ku Lilongwe ndi pa chotchingira madzi a Shire ku Liwonde. Koma tatsegulani kaundula wa mphunzitsi wa Sitandade 1. Mupezamo a Chisomo, a Mphatso, a Blessings ndi a Precious mpaka maso kulema, Kamuzu osamuona. Dzina lodziwika ndi Mmalawi aliyense ndi lomwenso makolo salipereka kwa ana awo, ndipo m'mpata umenewu mwamera nkhani zambiri zofunika kuzipeta.

Achinyamata ambiri obadwa 1994 itadutsa amayesa kuti Kamuzu ndi dzina la udindo, ngati Kalonga kapena Lundu, kapena kuti limatanthauza mfumu kaya mpulumutsi. Sindiwaseka ayi. Kwa zaka 30 dzinali silinkayenda lokha pa wailesi ya MBC. Patsogolo pake pankabwera Ngwazi, Pulezidenti Wamuyaya, Mkango, Nkhoswe, ndiye khutu linazolowera kulimva ngati bingu. Mayina aulemu anali amenewo. Kamuzu ndi liwu la Chichewa cha tsiku ndi tsiku. Talitchulani mosathamanga: ka-muzu. Ndi muzu womwe uja wa mtengo, kutsogolo kwake taikako ka- wochepetsa, monga timanenera kamwana, kambuzi, kanyumba. Tikachuluka timakhala timizu. Ndi kanthu komwe sing'anga amakumba m'tchire ndi kakhasu, n'kukasasa dothi, n'kukaviika m'madzi kuti wodwala amwe.

Mbiri ya dzinali inachokeradi kwa sing'anga. Olemba mbiri ya Dr. Hastings Kamuzu Banda, kuphatikizapo Philip Short yemwe buku lake linatuluka mu 1974, amafotokoza kuti mayi ake, Akupingamnyama Phiri a ku Kasungu, anakhala nthawi m'banja ndi a Mphonongo Banda popanda mphatso ya mwana. Anapita kwa sing'anga, anapatsidwa mankhwala a mizu, ndipo mimba inabwera. Mwanayo atabadwa anamutcha dzina lokumbutsa chomwe chinatsegula njira. M'zolemba zina mumapezekanso dzina loti Kamnkhwala, lomwe likunena nkhani yomweyo. Boma linkati anabadwa mu 1906, ndipo tsiku lake linaikidwa pa 14 May, pomwe akatswiri ambiri a mbiri amati chinali cha m'ma 1898. Zaka zimasiyana, koma za muzu onse amagwirizana.

Aliyense wokulira kumudzi akudziwa moyo wa mayi wosaona mwana. Kuchitsime anzake amatsitsa mawu iye akafika. Kuchimuna amayamba kufunsa mafunso ozungulira. Pa chikuta cha mnzake amapita ndi nkhuni ndi ufa, nkhope ikumwetulira, mtima ukulira. Mayi wotereyu akadzanyamula wakewake kumbuyo, dzina limene amapereka limakhala mpumulo wake ndi umboni kwa mudzi wonse. Ine ndikamva kuti Kamuzu, ndisanaganize za chipewa chakuda, ndodo ndi litchowa, ndimaona kaye mayi uja akubwerera kuchokera kwa sing'anga, timizu titamangidwa pa nsonga ya nsalu.

Umu ndi momwe makolo ankatchulira ana. Dzina linali kaundula wa banja nthawi yomwe kunalibe zolembera. Mwana wobadwa pamaliro, m'chaka cha njala, pakati pa milandu kapena abale ake atatsogola kumanda ankanyamula mbiriyo moyo wake wonse: Mavuto, Maliro, Masiye, Ndaziona, Mwatitha. Chodabwitsa n'chakuti atsogoleri ena omwe anayenda ndi Dr. Banda pomenyera ufulu anali ndi mayina amtundu womwewu. Kanyama Chiume wa ku Usisya anamutcha choncho makolo omwe anali ataika kale ana awo m'manda, ngati akuuza imfa kuti nako kanyama kena. Henry Masauko Chipembere anapatsidwa dzinalo ndi mayi ake chifukwa cha masautso a pakati pake. Choncho mkangano wa nduna wa mu 1964, womwe unagwedeza dziko litangolandira ufulu, unali pakati pa Kamuzu, Kanyama ndi Masauko. Muwachotse masuti, mupeza ana atatu omwe amayi awo anawapeza movutikira.

Chikhulupiriro china chimachokera kutali, ndipo chimandiseketsa. M'mindandanda ya mayina a ana yomwe imafala ku America mumapezeka dzina loti Kamuzu, koma atalemba kuti ndi la ku Egypt, tanthauzo lake akuti "zachipatala". M'gulu lomwelo la mayina "a ku Egypt" mulinso Chisisi, Funsani, Sekani, Tsekani, Sabola ndi Ufa. Ufa womwe uja wophikira nsima! Zikuoneka kuti wina anakopera mayina a kuno n'kuwaika pa mutu wolakwika, ena n'kumangokoperana osafunsa mwini chinenero. Pa tanthauzo sanaphonye kwenikweni, pakuti muzu uja unalidi mankhwala, ndipo mwanayo anadzakhaladi dokotala, ataphunzira ku Meharry ku Tennessee ndi ku Edinburgh. Apa ena amalumphirapo n'kumati dzinalo linali ulosi. N'zokoma kumva, koma mayi wa ku Kasungu sankalosera za m'tsogolo. Ankathokoza za m'mbuyo.

Palinso omwe amati Dr. Banda anangolitola dzinali pobwera mu 1958 kuti akope mitima ya anthu, popeza ku Britain ndi ku Ghana ankadziwika kuti Dr. Hastings Banda. Nkhaniyi imayenda limodzi ndi mphekesera yakale ija yoti yemwe anatsika ndege pa Chileka pa 6 July chaka chimenecho sanali mwana wa ku Kasungu, chifukwa ankalankhula Chingerezi, John Msonthi n'kumamasulira. Koma munthu anachoka kwawo ali mnyamata, wapansi, cha m'ma 1915, n'kukhala kunja zaka zopitirira 40. Lilime limachita dzimbiri. Ndipo umboni wa dzinali ulipo wakale ndithu. Ali pa sukulu ku University of Chicago kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930, iye ndiye ankaphunzitsa Chichewa katswiri wa zinenero Mark Hanna Watkins, yemwe mu 1937 anatulutsa buku la malamulo a Chichewa. M'bukumo mwini chinenero yemwe anamuthandiza akutchulidwa kuti Kamuzu Banda. Apo n'kuti kudakali zaka 21 kuti abwerere kumudzi. Lobwereka linali la Hastings, lomwe analitenga pa ubatizo potengera mmishonale wa ku Scotland, John Hastings. Ndipo taonani momwe zinathera: a Hastings adzaza dziko lonse, m'matchalitchi, m'maofesi, m'matimu a mpira, pomwe la Chichewa lija linatsalira mwini wake.

Pali kanthu kena komwe ndimaona kuti sitikaganizira. Mwa mwambo wathu, munthu wamkulu satchulidwa dzina la paubwana. Timati a Banda, a Phiri, a Nabanda, kapena bambo a uje, potchula mwana wawo woyamba. Mwana yemwe angaitane agogo ake ndi dzina lomwe anapatsidwa ali m'chikuta angaone zakuda. Koma bambo yemwe dziko lonse linkanjenjemera naye, ana a sukulu ankamutchula dzina lake la paukhanda, lochepetsa kumene, amayi a Mbumba n'kumaliimba m'mabwalo. Palibe ankaona kuti n'chipongwe, chifukwa dzinalo linali litasiya kale kumveka ngati liwu la Chichewa. Ka- uja anali atazimirira m'makutu.

Nanga n'zoona kuti palibe wina anatchedwapo Kamuzu? Ayi. Ovota akukumbuka loya Kamuzu Chibambo, yemwe anaimira chipani cha PETRA pa chisankho cha pulezidenti mu 2009 ndi mu 2014. Alipo ena apo ndi apo, makamaka obadwa nthawi yomwe dzinali linkaimira chiyembekezo chothetsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Koma ndi owerengeka, ndipo sikovuta kuona chifukwa chake.

Poyamba pomwe silinali dzina loti aliyense n'kungolitola. Linkafuna nkhani yake, ya mayi wodikira ndi sing'anga. Amayi odikira alipobe lero, ndipo ena amapitabe kokafuna mizu kukada, koma mwana akabadwa amamutcha Yankho, Pemphero, Mphatso kapena Tayamika. Ndani angakonde kuti abusa, pa tsiku la ubatizo, alengeze kwa mpingo wonse kuti uyu anachokera ku timizu? Kenako ndale zinachita mbali yake. Ulamuliro utasintha mu 1994, dzinali linafufutidwa pa zikwangwani zina: bwalo la mpira linakhala Chichiri Stadium, chipatala chinakhala Lilongwe Central, bwalo la ndege nalonso chimodzimodzi. Bingu wa Mutharika atalowa mu 2004 analibwezeretsa. Kwa mabanja ena dzinali ndi misewu, sukulu ndi chimanga m'nkhokwe. Kwa ena ndi Mikuyu, Dzeleka ndi abale omwe sanabwerere. Kholo lanzeru silisenzetsa khanda mtolo wotero.

Koma chifukwa chomwe ine ndimachikhulupirira kwambiri n'chapakhomo. Dzina la mwana liyenera kukhala loti mayi atha kulikuwa madzulo, kulikalipira, ngakhale kuliopseza ndi kamtengo. Taganizani mayi wa m'ma 1975, m'mudzi momwe a Youth League akuyendera makadi a chipani, a Payoniya ali pa msika, makutu ali paliponse. M'mawa kwacha, mayi watulutsa mphasa yonyowa kukayanika padzuwa, mkwiyo uli pakhosi, ndiye akweze mawu mudzi wonse ukumva: "Kamuzu iwe, wakodzanso pogona! Lero ndikukwapula!"