Amisiri a magetsi akukwera padenga kutsata dzuwa

Namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale 2022, dziko lino linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo kuthimathima kwa magetsi kunapitirira chaka chathunthu. Ometa tsitsi, ogulitsa zozizira m'magolosale ndi eni nyumba m'matauni anayamba kufunsa za sola. Wofunsidwa anali mmisiri yemwe uja amene anawaikira mawaya m'nyumba. Ambiri sanakane ntchito, ndipo ena anakaphunzirira padenga la kasitomala.

Wachinyamata amene wamaliza za magetsi ku sukulu za ntchito zamanja monga Soche, Lilongwe kapena Mzuzu, pansi pa ndondomeko ya TEVETA, amatuluka ndi luso lenileni. Amadziwa kuwerenga pulani ya nyumba, kusankha waya woyenera ndi kuteteza anthu ku shoko. Koma manja ake anazolowera magetsi a ESCOM, a AC, a mavoti 230, amene amabwera okonzeka kale pa mita. Padenga zinthu zimasintha. Panelo imatulutsa magetsi a DC, ndipo dzuwa likangowala imakhala yamoyo, palibe switchi yozimitsira dzuwa. Moto wa DC ukathetheka polumikiza mawaya suzima msanga ngati wa AC, n'chifukwa chake buleka ya m'nyumba siyenera kuikidwa pa mawaya ochokera ku mapanelo. Pa mavoti 12, waya wowonda amene amayatsa babu bwinobwino m'tauni amadya mphamvu panjira, n'kumatentha.

Zimenezi munthu wa magetsi amazigwira msanga. Chimene chimasiyanitsa mmisiri wa sola ndi womangirira chabe ndi masamu, komanso kulimba mtima kouza kasitomala zoona.

Tiyeni titenge batire yofala ija ya mavoti 12 ndi 100Ah. Papepala imasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi. Koma batire ya asidi siyenera kutsika kupitirira theka, apo ayi imafa msanga, choncho otsala ogwiritsa ntchito ndi 600. Mababu asanu a mawati 5 akhoza kuyaka madzulo onse, wailesi yakanema n'kuonetsa mpira, mafoni n'kutchajidwa. Mayi akangolumikiza ayironi ya mawati 1,000, mphamvu yonseyo imatha pasanathe mphindi 40. Mmisiri wabwino amakhala kaye pansi ndi banja, n'kufunsa kuti muli ndi zipangizo zanji, mumayatsa maola angati, firiji mukufuna kugula liti. Akatero m'pamene amatchula kukula kwa mapanelo, kontirola, batire ndi inveta. Nthawi zambiri mtengo umene watuluka sumukondweretsa mwini nyumba, amene wamva kale kuti mnyamata wina pamsika achita ndi theka la ndalamazo.

Apa m'pamene ntchitoyi ikuvulalira. Midzi yathu ili ndi mapanelo ambiri ongokhala padenga osagwira ntchito, batire zake zinafa miyezi ingapo atangoziika, chifukwa wina analumikiza panelo ku batire ya galimoto popanda kontirola. Banja lotere silinena kuti mmisiri analakwitsa, limati sola ndi yabodza, ndipo mudzi wonse umamva. N'chifukwa chake chiphaso cha bungwe la MERA, limene limapereka zilolezo kwa oika magetsi ndi oika sola, sichiyenera kuonedwa ngati chipsinjo. Ndicho chimamulekanitsa wophunzira ndi wongoyesa, ndipo mabungwe akuluakulu sapereka ntchito kwa amene alibe.

Pali zina zazing'ono zimene buku la za mawaya silinena. Kuno kumwera kwa dziko lapansi panelo iyang'ane kumpoto, itapendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi. Nthambi ya mango ikaphimba kachigawo kochepa chabe, mphamvu imatsika kwambiri. Ndipo woika sola ku Thyolo kapena ku Mulanje awerengere masiku a chiperoni, pamene dzuwa limabisala masiku angapo otsatizana.

Nanga ntchito ili kuti? Minda ikuluikulu ya sola ilipo: wa mamegawati 60 ku Salima unatsegulidwa mu 2021, wa mamegawati 20 ku Golomoti m'boma la Dedza, wokhala ndi mabatire osungira mphamvu, unatsatira mu 2022. Koma malo otere amalemba anthu ambiri pomanga, akamaliza amatsala ochepa. Ntchito yokhalitsa ili kumudzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha pa 100 aliwonse ndiwo ankaunikira nyumba ndi magetsi a ESCOM. Otsalawo ali ndi zipatala zofuna firiji ya katemera, sukulu zofuna kuwala kwa madzulo, ndi madimba ofuna mpope wa sola m'malo mwa injini ya petulo.

Wofuna kuzama angapite ku Mzuzu University, kumene amaphunzitsa za mphamvu zongowonjezereka mpaka digiri. Koma ambiri ayambira pa mmisiri wachiphaso, kunyamula makwerero ndi kugwira mita, mpaka manja atazolowera. Ine ndikanakonda sukulu zathu zikanawatumiza ophunzira kukakonza sola zakufa zija za m'midzi asanalandire satifiketi, chifukwa pamenepo akanaona ndi maso awo cholakwa chilichonse chimene mmisiri angachite.