Chilango Chimatha, Nanga Manyazi Amatha Liti?

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, m'boma la Karonga munabadwa mpingo wa African National Church. Ena mwa oyambitsa ake, monga Simon Kamkhati Mkandawire ndi Paddy Nyasulu, anali anthu ophunzitsidwa ndi Mishoni ya Livingstonia, ndipo mpingo wawo unalandira amuna amitala amene Mishoniyo inkaŵaletsa kudya Mgonero. Nawonso mpingo wa Last Church wa Jordan Msumwa, umene unayamba mu 1925, unafala pakati pa Angonde pa chifukwa chonga chomwecho. Ife sitivomereza mitala. Koma kodi onse amene anapita kumeneko anangotsata mitala basi? Tikuganiza kuti ambiri anafuna nyumba yopemphereramo popanda kuloŵa chozyolika.

Makolo, tisiyanitse zinthu ziŵiri. Kutsutsika mumtima kumati, "Ndachita choipa," ndipo kumamtsogolera munthu kukalapa. Akalapa, mtima umakhala pansi. Manyazi amati, "Ndine woipa, ndipo onse akundidziŵa." Ameneŵa sachoka ndi kulapa kokha, pakuti amakhala m'maso mwa anthu.

Taganizirani mtsikana amene watenga pathupi asanakwatiwe. Akulu a mpingo amuitana, amdula, ndipo nkhani imveka mudzi wonse, kufikira kudooko ndi kumunda wa mpunga. Mnyamata amene anachimwa naye kaŵirikaŵiri amangosamukira kwina, nkhani yake nkuzilala. Patapita nthaŵi mtsikanayo abwezedwa, ndipo m'buku la mpingo mlandu watha. Koma m'mtima mwake sunathe. Papita zaka makumi aŵiri, iye ndi mayi wa ana, komabe amakhala pa benchi ya kumbuyo. Akamsankha kuti atsogolere pemphero amakana. Mlaliki akatchula chigololo, iye amaona ngati mpingo wonse watembenukira kwa iye. Mwana akadwala amati ndi Mulungu akumlipsira. Ena otere amasoŵa tulo, amadzipatula, amagwa m'matenda a maganizo. Chomvetsa chisoni koposa nchakuti mayi yemweyu amalera mwana wake wamkazi ndi ukali ndi ziwopsezo, kotero kuti mwanayo akaphunthwa amabisa, ngakhale kwa mayi ake omubala.

Mtumwi Paulo anaiona ngozi imeneyi. Pa 2 Akorinto 2:6-8 analangiza mpingo kuti munthu amene walangidwa kale amkhululukire, amtonthoze, ndi kumtsimikizira chikondi chawo, kuwopa kuti chisoni chochuluka chingammize. Ife mbali ya kudula timaidziŵa bwino, ndipo tili ndi dongosolo lake. Mbali ya kutonthoza ndiyo tilibe nayo changu. Mkulu wa mpingo amene anayenda mtunda kukaitanira wolakwa kubwalo, ndi kangati amayendanso mtunda womwewo kukacheza naye atabwezedwa?

Achinyamata, ngati tchimo limene munalapa kale likukusoŵetsanibe mtendere, kambani ndi abusa kapena mayi wachikulire amene amasunga chinsinsi. Tulo tikamasoŵa kwa masabata, kapena mukayamba kuganiza zodzipha, pitani kuchipatala msanga. Kutero si kuchepa kwa chikhulupiriro.