Mzime wa M'kamwa: Ulendo wa Wokachotsetsa Dzino Lakumapeto

Mlengi, amene adapatsa mwana mano 20 a ubwana kuti ayambire kulawa za pansi pano, nawagulula limodzilimodzi pofika nyengo yake kuti m'malo mwake mumere a ukulu, adasungako mano anayi kuti adze mochedwa, mwini wake atayamba kale kumeta ndevu kapena kufunsiridwa mbeta. Pa mano 32 amene munthu wamkulu amakhala nawo, anayi amenewa ndiwo a mzime: awiri m'mwamba ndi awiri m'munsi, kumapeto kwenikweni kwa nsagwada, ndipo kawirikawiri amatuluka munthu ali pakati pa zaka 17 ndi 25. Angerezi amawatcha mano a nzeru, poyesa kuti pa msinkhu umenewo munthu wayamba kulingalira ngati wamkulu. Alipo anthu amene mano awa sawamera konse, aliponso amene amawamera bwinobwino natafunira mpaka ukalamba. Koma kwa ambiri zimachitika monga zichitikira mzime wobadwa abale ake atagawana kale munda wa makolo, kuti afika napeza malo atatha.

Dzino losowa malo limachita zimene lingathe. Lina limagona chammbali m'kati mwa fupa, mutu wake utatsamira dzino loyandikana nalo, nililiwononga mwakachetechete. Lina limangosuzumira theka, theka linalo litafundidwa ndi kachikopa ka usinini. Pansi pa kachikopa kameneka ndi pamene pamabisala nyenyeswa za chakudya zimene mswachi sungazifikire, ndipo pakapita masiku usinini umatupa, mafinya amasonkhana, m'kamwa mumatuluka fungo, ululu nkumathamangira kukhutu. Ndidaziona izi ndi maso anga pa mphwanga wina, mnyamata wa mphamvu zake, amene adalimbika mtima kwa milungu iwiri akupsinja tsaya ndi nsalu ya madzi otentha, kufikira tsiku limene mbamu ya nsima idakana kulowa pakati pa mano ake, ife nkumamuthira phala la madzimadzi ndi kasupuni pa kampata kamene kadatsala. Adaali atayikapo asipirini pa usinini, monga amachitira ambiri, osadziwa kuti mbulu umenewu ukagona pa mnofu umautentha ndi kusiya chilonda choyera. Ena amapakapo fodya wa mphuno, ena amavumata kachasu. Zengerezu adalinda kwaukwau. Ndicho chifukwa chake ndalemba mawu awa, kuti yense amene mzime wake wayamba kuvuta adziwe makomo amene adzalowa, nanyamuke kukamwa kukadatseguka.

Khomo loyamba kwa ambiri a ife ndi chipatala chaching'ono cha m'dera lathu, ndipo chonyamula choyamba ndi buku la kuchipatala lija, pakuti m'menemo ndimo mulembedwa mbiri ya matenda a munthu, ndipo dokotala wa kutsogolo adzawerenga zimene mnzake adapeza. Zipatala zing'onozing'ono zambiri zilibe mpando wa mano kapena wodziwa ntchito ya mano. Chimene adzakuchitirani ndi kukupimani, kukupatsani mankhwala oziziritsa ululu, kuwonjezerapo opha tizilombo ngati kutupa kwayamba kufalikira, ndi kukulemberani kalata yokutumizani ku chipatala cha boma la kwanu. Kalata imeneyi musaiyese kukupirikitsani, chifukwa ndiyo mfungulo ya khomo lachiwiri. Musanyengekenso poona kuti mankhwala aja aphwetsa chotupa nimuganiza kuti nkhani yatha: mankhwala amagonetsa matenda, koma kachikopa kaja kakadali pomwepo, ndipo mlandu suola. M'zipatala za boma thandizo limeneli ndi laulere, kupatula ku mbali zolipira kwa amene wasankha yekha kupitako. M'zipatala za mishoni za pansi pa CHAM mumalipiridwa kangachepe, ndipo kwa madokotala oyima paokha m'mizinda mtengo umakwera, kotero n'chanzeru kufunsiratu mtengo wa zonse, wa kujambula ndi wa mankhwala omwe, musanakhale pa mpando.

Pa chipatala cha boma, amene mudzamupeze m'chipinda cha mano nthawi zambiri ndi mmodzi wa aja adaphunzira ntchitoyi zaka zitatu ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, ndipo ndiyenera kunena mosabisa kuti anthu amenewa ndiwo asenza denga la ntchito ya mano m'dziko muno kwa zaka zambiri. Pamene kalembera wa 2018 adapeza kuti tidakwana 17.5 miliyoni, madokotala a mano a maphunziro a ukachenjede sadali kufika ngakhale 50 m'dziko lonse, ndipo onsewo adakaphunzira kunja, ambiri a iwo nakhazikika ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mpaka mu 2019 ndi pamene sukulu ya udokotala ya ku Blantyre, imene lero ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kuphunzitsa madokotala a mano pano pomwe, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Ndipo mu 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko yake ya umoyo wa m'kamwa. Izi ndazitchula kuti mumvetse chifukwa chake mzere umatalika, ndi chifukwa chake wanzeru amalawira m'mamawa. Dzino la mzime limene lidatuluka lonse nkuima chilili likhoza kuchotsedwa pomwepo tsiku lomwelo. Koma logona m'fupa limafuna zida ndi luso la opareshoni, ndipo pamenepo adzakutumizani ku chimodzi mwa zipatala zinayi zikuluzikulu: Queen Elizabeth ku Blantyre, imene akuluakulu amaitchabe Gulupu, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central, kapena Mzuzu Central.

Dokotala asanagwire chida chilichonse amayamba ndi mafunso, ndipo apa ndi pamene wodwala ali ndi udindo wake waukulu, ndiwo kunena zoona. Adzafuna kudziwa ngati muli ndi nthenda ya shuga, imene imachedwetsa chilonda kupola. Ngati magazi anu amathamanga. Ngati mudadwalapo mtima. Ngati mumamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, kapena munavulalapo magazi nkuvuta kuleka. Ngati muli oyembekezera. Ngati penisilini kapena mankhwala ena adakutulutsanipo zidzolo. Ngati mukumwa ma ARV. Palibe limodzi la mayankho awa limene limatseka khomo, koma lililonse limasintha kachitidwe kake, ndipo zimene mwaulula m'chipindamo ndi chinsinsi chimene wachipatala saloledwa kuchitulutsa kunja. Mbewa ya manyazi idafera kudzenje.

Kenaka pamabwera chithunzi cha ekisire, chimene ena amachiyesa chongochedwetsa, pamene ndicho diso la dokotala m'kati mwa fupa. M'nsagwada ya m'munsi mumadutsa mtsempha umene umapatsa kumva ku mlomo wa m'munsi ndi kuchibwano, ndipo mizu ya dzino la mzime nthawi zina imagona pafupi nawo kwambiri. Chakumbali ya lilime kumadutsanso wina. Mizu ya mano a m'mwamba nayo imayandikana ndi mphako ya m'fupa la tsaya imene imalumikizana ndi mphuno. Chithunzi chimaonetsa kumene dzino lagonera, mmene mizu yapindikira, ndi mtunda umene ulipo pakati pa muzu ndi mtsempha. Mwina ataona zonsezi dokotala adzakuuzani kuti dzinolo lisiyidwe, ndipo musakhumudwe, pakuti si mzime aliyense ayenera kuchotsedwa. Ku Britain adalangiza kale mu 2000 kuti mano otere, ngakhale agone m'fupa, asamachotsedwe ngati sanabweretse matenda. Amachotsa limene labooka mosamatika, limene likuwononga linzake, limene lachita chotupa pa muzu, kapena limene latupitsa usinini mobwerezabwereza kapena moopsa.

Likagamulidwa kuti lichoke, dokotala ayenera kukufotokozerani chimene adzachite ndi zovuta zimene zingatsatire, inu nkuvomera mwa kufuna kwanu. Pa opareshoni mumasayina kapena kudinda chala pa pepala la chilolezo, ndipo mwana amamusayinira kholo kapena womulera. Ambiri a ife tidaleredwa kuti pamaso pa wamkulu timangoti inde, ndipo ulemu umenewo ndi wabwino; koma thupi ndi lanu, ndipo kufunsa si mwano. Funsani ngati mtsempha uli pafupi, pakuti ukakhudzidwa mlomo kapena lilime limachita dzanzi kwa milungu kapena miyezi, ndipo mwa apo ndi apo dzanzilo silichoka. Funsani ngati pali njira ina. Ngati akulankhula Chingerezi chimene simukuchimva, pemphani kuti anene m'chinenero chanu. Safunsa adadya phula.

Tsono za mpando uja, umene anthu amauopa koposa nthenda. Makolo a anthu onse adazula mano ndi ululu wosaneneka. Mu December 1844 Horace Wells, dokotala wa mano wa ku Hartford ku America, adapuma mpweya wogonetsa nalola mnzake kuti amuzule dzino lake lomwe, kuti aone ngati munthu angachotsedwe dzino osamva kuwawa. Ndipo mankhwala a lidocaine amene amabaya masiku ano adapangidwa ku Sweden mu 1943. Ife tikukolola pamene sitidalime. Jakisoni amalasa ngati munga kwa kanthawi, ndipo pakapita mphindi zowerengeka mlomo umalemera, theka la lilime nkukhala ngati la mwini. Dokotala amayesa kaye ndi chida chosongoka. Ngati mukumvabe kubaya, kwezani dzanja kuti awonjezere mankhwala, pakuti palibe mphotho ya wopirira pachabe. Chimene mudzamve ndi kukankha ndi kugwedeza, ndi phokoso la m'fupa limene limamveka lalikulu chifukwa khutu lili pafupi, koma si ululu. Dzino logona amaliyamba pong'amba usinini pang'ono, kupala kafupa kamene kaliphimba, mwina kuliduladula pawiri kapena patatu kuti lituluke mosathyola malo, nkutsuka, nkusoka. Wobayidwa jakisoni wa dzanzi adye bwino asanapite, kuti asachite chizungulire. Koma amene adzagonekedwe tulo ku fiyeta amauzidwa kusala chakudya maola angapo, ndipo ayenera kukhala ndi womuperekeza. Za mphekesera ija yakuti wochotsa dzino la m'mwamba amachita khungu, ndi yabodza: mitsempha ya maso ili ndi njira yakeyake.

Ntchito ya dokotala ikatha imayamba yanu. M'dzenje mmene mudali dzino mumaundana magazi, ndipo magazi oundanawo ndiwo chivindikiro chimene fupa limapolera pansi pake; malangizo onse amene adzakupatsani cholinga chake n'chimodzi, kusunga chivindikiro chimenechi. Lumani thonje molimba kwa theka la ola. Tsiku loyamba lonse musachukuche m'kamwa, musalavulelavule, musagwirepo ndi lilime kapena chala, musamwe zotentha, ndipo khasu ndi njinga zipume. Kuyambira tsiku lachiwiri vumatani madzi ofunda othira kamchere pang'ono mukatha kudya, mofatsa, nimupitirize kutsuka mano enawo. Phala lozizira, nthochi yakupsa, mbatata yofewa ndi dzira ndizo zakudya za masiku amenewo. Mzimbe, chimanga chokazinga ndi mtedza zidikire. Tsaya limatupa kwambiri pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu kenaka nkuyamba kuphwa, ndipo zimenezo zisakuopseni. Fodya ndiye mdani wamkulu wa chilonda ichi, ndipo mowa ndi mnzake. Chivindikiro chija chikachoka fupa limakhala pamtunda, ndipo ululu umene udayamba kuchepa umabwerera ndi ukali patapita masiku atatu kapena asanu, pamodzi ndi fungo. Zikatero bwererani kwa dokotala, amene adzatsukamo ndi kuikamo mankhwala oziziritsa.

Pali chinthu china chimene chimandiwawa mtima. Chifukwa cha kutalika kwa mtunda ndi kwa mzere, anthu ena amapereka nsagwada zawo kwa ozula mano a m'misika ndi m'makwalala, amene zida zawo zimachoka m'kamwa mwa uyu kulowa mwa uyo zosaphikidwa, ndipo amathyola dzino nasiya mizu m'kati. Lamulo la 1987 lokhudza madokotala ndi madokotala a mano lidakhazikitsa Medical Council of Malawi, imene imalemba m'kaundula onse oyenera kugwira ntchitoyi ndi kumva madandaulo a anthu pa iwo. Wosalembedwa m'menemo alibe chilolezo chogwira dzino la munthu. Ndipo ngati m'chipatala cha boma wina wakuitanitsani ndalama ya m'thumba pa thandizo laulere, kapena wakunyozani, funsani ofesi ya womva madandaulo a odwala, imene anthu amaitcha ya ombudsman wa pachipatala, nimukanene.

Mphwanga uja adachira, atagona masiku angapo m'chipatala akulandira mankhwala a m'mitsempha kuti nsagwada zimasuke dzino lisanachotsedwe, ntchito imene ikadatha m'mawa umodzi akadapita msanga. Tsono inu amene muli ndi wodwala dzino m'nyumba, kaya lachotsedwa kale kaya likadali m'kamwa, mukaona kutupa kukutsikira pansi pa chibwano ndi m'khosi kapena kukukwera kudiso, thupi latentha, malovu akukanika kumezeka, mawu asintha, kapena mpweya wayamba kubanika, dziwani kuti mafinya alowa njira imene ingatseke kholingo m'maola ochepa. Chimodzimodzinso magazi akakana kuleka mutaluma thonje kawiri. Musadikire kuti kuche; funani galimoto, njinga kapena machira, munyamuke naye usiku womwewo.