Kodi Mkazi Angakalambire pa Bwalo la Zisudzo M'Malawi?

Ku Japan kunali mayi wina, dzina lake Mori Mitsuko, amene anabadwa mu 1920 namwalira mu 2012. Mayiyu anagwira ntchito ya zisudzo zaka zambiri osatchuka kwenikweni, kufikira mu 1961 pamene anampatsa malo a mwini nkhani m'sewero lotchedwa Horoki mumzinda wa Tokyo. Apo n'kuti ali ndi zaka 41. Sewero limodzi lomwelo analisewera maulendo 2,017 mpaka mu 2009, ali nkhalamba ya zaka 89, ndipo boma la kwawo linamlemekeza ndi mphoto yapamwamba.

Awerengi athu asunge m'mutu zaka 41 zija, pakuti msinkhu umene mayi wa ku Japan anayambira kutchuka ndi womwewo umene ife tinaikira m'manda mkazi wathu wamkulu wa zisudzo. Mayi Gertrude Kamkwatira anatisiya mu 2006 ali ndi zaka ngati 40. Anakhwimira m'gulu la Wakhumbata, limene Du Chisiza Jr anayambitsa mu 1987, ndipo mwini gululo atamwalira mu 1999 ndi iwo amene analitsogolera. Pambuyo pake anakhazikitsa lawolawo, la Wanna-Do. Analemba okha masewero monga It's My Fault, lonena za nkhanza za m'banja, ndi Breaking the News, lonena za Edzi. Anatsogoleranso bungwe la zisudzo la dziko lonse. Munthu mmodzi yemweyo wolemba, wophunzitsa anzake, wosewera, ndiponso woyang'anira gulu!

Imfa siitsutsika, koma kusiyana kwa amayi awiriwa sikuli pa imfa pokha. Kumbuyo kwa Mori kunali kampani yaikulu ya Toho, yokhala ndi nyumba zakezake za zisudzo, imene inkabweza sewero lomwelo kwa anthu olipira pakhomo kwa zaka 48. Kwathu kuno gulu limabwereka holo, kusewera Loweruka ndi Lamulungu, n'kunyamula katundu kupita kwina. Ndalama zapakhomo zikalipira holo ndi galimoto, zotsala n'zochepa. Ndiponso openyerera a m'tauni ndi omwewomwewo, kotero sewero likaonetsedwa kangapo amafuna latsopano. Ngakhale French Cultural Centre ya ku Blantyre, kumene magulu ambiri ankadalira, Afalansa anachokamo mu 2011, ndipo akuba anaiononga isanayambe bwino moyo wake watsopano monga Blantyre Cultural Centre.

Nkhaniyi iwakhudza aphunzitsi koposa onse, pakuti mbewu ya zisudzo imamera m'manja mwawo, makamaka pa mipikisano ya sukulu za sekondale imene bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM linayambitsa. Tiyerekeze mtsikana wa ku Bwanje, m'boma la Ntcheu, amene waseketsa ndi kuliritsa makolo pa tsiku lotsekera sukulu. Akalemba mayeso a Fomu 4, luso lakelo apita nalo kuti? Magulu odziwika ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo makolo ake, amene agulitsa chimanga kuti aphunzire, adzafunsa funso loyenera: kodi ntchito imeneyi malipiro ake ndi angati pamwezi? Mphunzitsi woona mtima adzawauza kuti ambiri osewera zisudzo m'Malawi amadya za ntchito ina, ndi kuti mtsikanayo ayambe wafunsira malo ku sukulu ya uphunzitsi kapena ya unamwino.