Kujambula Vidiyo Yooneka Ngati Filimu Popanda Chuma Chambiri

Omvera, munthu aliyense amene anaonererapo filimu m'nyumba ya kanema, pambuyo pake n'kuonerera vidiyo ya ukwati wa mbale wake, amadziŵa kuti zithunzi ziŵirizi sizifanana. Maso amazindikira kusiyanako m'kanthaŵi kochepa, ngakhale pakamwa palephere kutchula chimene chasiyanitsa. Munthu amangoti, "Iyi ndi filimu, koma iyi ndi vidiyo chabe." Kwa mnyamata kapena mtsikana amene ali ndi nthano yabwino ndi ochita seŵero aluso, koma m'thumba mulibe kanthu, liu lakuti "chabe" limeneli ndi loŵaŵa, pakuti oonerera akangoŵeruza motero salabadiranso nthanoyo. Lero tiyeni tione zimene zimabweretsa kusiyanako. Tipeza kuti zifukwa zake n'zoŵerengeka, n'zodziŵika, ndipo zambiri mwa izo zimakonzeka popanda kugula kamera ya mtengo wapatali.

Poyamba timvetse chifukwa chimene wosauka sangajambulire pa filimu yeniyeni. Filimu ndi lamba wopyapyala wa pulasitiki, wopakidwa mankhwala okhala ndi timchere ta siliva timene timasintha kuŵala kukatigwera. Lamba wa mamilimita 35 m'lifupi, amene mafilimu aakulu a ku Hollywood akhala akujambulidwapo, amayenda mafiti 90 pa mphindi imodzi. Motero mpukutu wa mafiti 1,000 umatha pa mphindi 11 zokha, ndipo ukatha uyenera kupita kukatsukidwa ndi mankhwala wojambula asanaone chimene wajambula. Wochita seŵero akaiŵala mau ake, lamba amene wapitayo sabweranso. Katepi kakang'ono ka MiniDV, kamene kanafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kankajambula ola lathunthu pa mtengo wochepa, ndipo khadi la m'kamera za masiku ano limafufutidwa ndi kugwiritsidwanso ntchito. Vidiyo inatsegula khomo kwa osauka. Chimene chinatsala ndicho kuichotsa maonekedwe ake aja a ku ukwati.

Chifukwa choyamba cha kusiyanako ndi chiŵerengero cha zithunzi. Kanema ndi zithunzi zoima zimene zimatsatizana mofulumira kufikira maso atanyengedwa kuti zikuyenda. Pamene mafilimu olankhula anayamba, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, opanga mafilimu anakhazikika pa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo chiŵerengero chimenechi chakhala chomwecho kufikira lero. Wailesi yakanema inatenga njira ina. Ku Ulaya ndi m'maiko ambiri a mu Africa inkaonetsa matheka a zithunzi 50 pa sekondi, theka lina la mizere yoyamba, linzake la mizere yotsala, pamene ku America anali 60. Kuyenda kwa zinthu pa chiŵerengero chotere n'kosalala kwambiri, ndipo maso athu anazoloŵera kukugwirizanitsa ndi nkhani za madzulo ndi mpira wa miyendo. Umboni wa mphamvu ya chizoloŵezi chimenechi unaoneka mu 2012, pamene Peter Jackson anaonetsa filimu yake The Hobbit pa zithunzi 48 pa sekondi. Ngakhale inadya ndalama zosaneneka, oonerera ambiri anadandaula kuti ikuoneka ngati seŵero la pa wailesi yakanema.

Mu 2002 kampani ya Panasonic inatulutsa kamera yotchedwa DVX100, imene inapatsa ojambula a ndalama zochepa zithunzi zathunthu 24 pa sekondi, ndipo ambiri anaithamangira. Masiku ano ngakhale mafoni ambiri a m'manja ali ndi mphamvu imeneyi. Chofunika n'kuloŵa m'makonzedwe a kamera ndi kusankha. Koma wojambula wa kuno kwathu asamale pa chinthu chimodzi. Magetsi a m'Malaŵi ndi m'Zambia, monga a ku Ulaya, amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo nyali zambiri zimaphethira motsatira kusinthako ngakhale maso sakuona. Kamera imakuona. Choncho pojambula m'nyumba ya magetsi n'kwanzeru kusankha zithunzi 25, pakuti 25 amaloŵa mu 50 bwino lomwe, ndipo palibe woonerera amene angasiyanitse 24 ndi 25.

Chifukwa chachiŵiri ndi utali wa nthaŵi imene chithunzi chilichonse chimalandira kuŵala. M'kamera ya filimu muli kachitsulo kooneka ngati theka la mbale, kotchedwa shutter, kamene kamazungulira patsogolo pa lamba. Theka la nthaŵi kamatseka kuti lamba asunthe, theka lina kamatsegula kuti kuŵala kuloŵe. Motero chithunzi chilichonse chimalandira kuŵala kwa gawo limodzi mwa magawo 48 a sekondi. M'kanthaŵi kameneka dzanja limene likugwedezeka limasiya kachimbuuzi pang'ono, ndipo kachimbuuzi kameneko ndiko kamalumikiza chithunzi china ndi chinzake mofeŵa. Kamera ya vidiyo ikasiyidwa kuti idzilamulire yokha pa dzuŵa loswa mtengo, imafupikitsa nthaŵiyi mpaka gawo limodzi mwa 1,000 kapena kuposerapo, ndipo anthu amaoneka ngati akunjenjemera poyenda. Janusz Kamiński anafupikitsa nthaŵiyi mwadala mu Saving Private Ryan, filimu ya Steven Spielberg ya mu 1998, kuti nkhondo ioneke yodzidzimutsa. Koma mayi amene akutunga madzi pachitsime sayenera kuoneka motero. Mankhwala ake n'kukhazika shutter pa 1/50, ndipo kuŵala kukachuluka, kuika patsogolo pa kamera kagalasi kakuda kotchedwa ND, kamene kali ngati magalasi a dzuŵa a kamera.

Chifukwa chachitatu ndi chimene oonerera amachizindikira msanga koposa. M'mafilimu ambiri nkhope ya wolankhula imaoneka bwino lomwe pamene mitengo ndi nyumba za kumbuyo kwake zili m'chimbuuzi, motero maso amadziŵa poyang'ana. Zimenezi zimachokera ku kukula kwa malo olandira chithunzi. Chithunzi cha pa lamba wa mamilimita 35 chimaposa mamilimita 20 m'lifupi, pamene kachipangizo kolandira kuŵala m'makamera a MiniDV, kotchedwa sensor, kanali ka mamilimita pafupifupi 5. Pa kachipangizo kakang'ono chotero zonse zimaoneka mofanana, nkhope, mpanda, ngakhale mbuzi yodutsa patali. Ojambula a m'zaka zoyambirira za m'ma 2000 ankamangirira patsogolo pa kamera bokosi lokhala ndi galasi lopalidwa lonjenjemera, kuti lenzi ya kamera ya zithunzi iponye chithunzi pagalasipo, vidiyo n'kujambula galasilo. Mabokosiwo anali olemera, ankadya kuŵala, ndipo ena ankaonetsa chithunzi chozondoka. Anatha ntchito pamene Canon inatulutsa 5D Mark II mu 2008, kamera ya zithunzi yojambulanso vidiyo, yokhala ndi sensor ya mamilimita 36 ndi 24. Pofika 2010 gawo lathunthu la seŵero la ku America lotchedwa House linajambulidwa ndi kamera imeneyi.

Wopanda kamera yotere asataye mtima. Achotse wochita seŵero pakhoma namuimike kutali nalo, iye mwini abwerere m'mbuyo ndi kukokera chithunzi pafupi ndi lenzi. Za kumbuyo zidzafeŵa. Akumbukirenso kuti chimbuuzi si lamulo. Mu Citizen Kane, filimu ya Orson Welles ya mu 1941, wojambula Gregg Toland anatchuka chifukwa choonetsa bwino za pafupi ndi za patali nthaŵi imodzi. Chofunika n'chakuti wojambula asankhe yekha pamene maso a oonerera ayenera kugwera.

Tsono tifike pa chifukwa chachinayi, chimene chili chachikulu koposa zonse, ndicho kuŵala. Filimu imapirira kuŵala kochuluka: mtambo woyera umasungabe mapindikidwe ake, ndipo kuyera kumakula pang'onopang'ono. Kamera yotsika mtengo ya vidiyo ili ndi malire. Kuŵala kukapitirira malirewo, malo onsewo amangoyera mbee, ndipo palibe kompyuta imene ingabwezeretse chimene chatayika. Vutoli limakula pojambula munthu wa khungu lakuda masana, thambo loŵala lili kumbuyo kwake. Kamera ikasamala thambo, nkhope imada bii. Ikasamala nkhope, thambo limapserera. Ngakhale filimu yeniyeni sinali yachilungamo pa nkhani imeneyi, pakuti kwa zaka zambiri kampani ya Kodak inkapatsa otsuka zithunzi makadi oyezera mitundu okhala ndi nkhope ya mkazi wachizungu. Khungu lakuda limafuna wojambula amene waliganizira.

Zida zothetsera vutoli zili m'nyumba iliyonse. Choyamba ndi wotchi: ola loyamba dzuŵa litatuluka ndi ola lomaliza lisanaloŵe zimapereka kuŵala kofeŵa, kochokera m'mbali, kumene kumaumba nkhope bwino. Chachiŵiri ndi nsalu yoyera ya pabedi, imene anthu aŵiri akaitambasula pamwamba pa wochita seŵero imaswa ukali wa dzuŵa. Chachitatu ndi katoni yopakidwa utoto woyera, yobwezera kuŵala kumaso kuchokera m'munsi kapena m'mbali. M'nyumba, zimitsani babu la kudenga, limene limagwetsa mithunzi m'maso ndi kuphwatalitsa zonse, ndipo khazikani munthuyo pafupi ndi zenera kuti mbali imodzi ya nkhope iŵale, inayo itsale m'kamthunzi. Musaope mthunzi. Vidiyo ya ukwati imaŵalitsa paliponse kuti mlendo aliyense adzione. Filimu imaŵalitsa chokhacho chimene nthano ikufuna.

Za kompyuta zimadza pambuyo pa zonsezi. Mu 2000 Roger Deakins anakonza mitundu ya filimu yonse ya O Brother, Where Art Thou? pa kompyuta, nasandutsa msipu wobiriŵira wa ku Mississippi kukhala wofiirira ngati wa m'chilimwe. Ntchito imene panthaŵiyo inafuna makina a mtengo wapatali, lero munthu angaichite ndi pulogalamu ya DaVinci Resolve, imene ili ndi mtundu wake waulere. M'menemo angafananitse mitundu ya zithunzi zojambulidwa masiku osiyana, angachepetse kufiira kopyola muyezo, ndiponso angaŵaze timadontho tonga mchenga totsanzira timchere ta siliva tija, timene pa filimu timagwera malo atsopano pa chithunzi chilichonse. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Timadontho ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi pa chithunzi sizibisa nkhope yojambulidwa pa dzuŵa la paliombo, ndipo mizereyo imadula mitu ya anthu ngati wojambula sanaiganizire pa tsiku lojambula.

Nanga alipo amene anapambana ndi zida zochepa? Mu 1998 Thomas Vinterberg wa ku Denmark anaonetsa Festen ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ndipo analandira mphoto ya oŵeruza. Wojambula wake, Anthony Dod Mantle, anagwiritsa ntchito kakamera ka Sony kokwana m'dzanja limodzi, popanda nyali zapadera, motsatira malamulo a gulu la Dogme 95. Dod Mantle yemweyo anajambula 28 Days Later ya Danny Boyle, imene inatuluka mu 2002, ndi makamera a Canon XL1. Kupepuka kwa makamerawo kunawathandiza kuimika angapo nthaŵi imodzi m'bandakucha ndi kujambula miseu ya London yopanda munthu m'mphindi zochepa zimene magalimoto anaimitsidwa. Mu 2009 analandira mphoto ya Oscar chifukwa cha Slumdog Millionaire, imene gawo lake lalikulu linajambulidwa pa makamera a digito mumzinda wa Mumbai. Mu 2015 Sean Baker anaonetsa Tangerine ku Sundance, yojambulidwa ku Los Angeles ndi mafoni atatu a iPhone 5s pa ndalama pafupifupi madola 100,000. Anaika timalenzi totambasula chithunzi patsogolo pa mafoniwo, anagwiritsa ntchito pulogalamu yomlola kulamulira kuŵala ndi chiŵerengero cha zithunzi, ndipo anakoleza mitundu mwadala. Anthu ameneŵa anadziŵa pamene kamera yawo ili yofooka, nasankha nthano ndi maonekedwe ogwirizana nayo. Baker yemweyo atapeza ndalama anajambula Anora pa lamba wa mamilimita 35, napambana nayo mphoto yaikulu ya ku Cannes mu 2024. Koma khomo linatseguka ndi mafoni atatu aja.

Patsala zinthu ziŵiri zimene sizikhudza maonekedwe a chithunzi chenicheni, koma zimaulula wophunzira msanga. China ndi kugwedezeka kwa kamera. Kamera ya filimu inali yolemera, motero inkayenda pokhapokha pali chifukwa. Foni ndi yopepuka, ndipo imatsatira kupuma kwa woigwira. Iikeni pa miyendo itatu, kapena pa thumba la mchenga, ndipo musakoke chithunzi uku ndi uku pamene munthu akulankhula. Chinacho ndi mau. Ife a pa wailesi tikudziŵa kuti khutu silipirira monga diso: munthu adzaonerera chithunzi chosaoneka bwino kufikira mapeto, koma sadzakhala mphindi zisanu akumva mau a m'mphanga osakanikirana ndi mphepo. Maikolofoni ichoke pa kamera, imangiriridwe ku nsungwi yaitali, ndipo ikhale pamwamba pa wolankhula, kunja pang'ono kwa chithunzi. Musanachoke pamalo alionse, onse akhale chete mphindi imodzi kuti mujambule phokoso la malowo, limene lidzakuthandizani kutseka mipata polumikiza zithunzi.

Choncho, omvera, amene ali ndi kangachepe ayambe wagula maikolofoni yabwino, kenaka miyendo ya kamera ndi kagalasi ka ND. Kamera yatsopano idikire. Sabata imodzi lisanafike tsiku lojambula, apite pamalowo ndi mnzake mmodzi, amjambule m'maŵa, masana ndi madzulo, pa zithunzi 25 ndi shutter ya 1/50, nsalu ndi katoni zili m'manja, kenaka akaonerere zonsezo pa kanema wamkulu ndi kulemba ola limene nkhope inakongola. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ola limenelo ndilo adzaitanire ochita seŵero ake.